Chala cha Goloboyi

Magetsi athawanso ku Kalingalinga.
Tisauke watsamiritsa foni pa botolo la saladi,
katochi kakuwalira pa kope,
akuwerenga mokweza ngati ine ndine khoma:
"Chimene chili phee chidzakhala phee,
choyenda chidzayendabe, osakhota, osatopa,
kufikira mphamvu ina itachisokoneza."

Ndikuti bodza.
Ndaona mipira ikufa yokha pa bwalo la kuseri kwa msika,
itatsala phazi limodzi kuti ilowe,
anthu atadzuka kale, kukamwa yasa.
Iye osadzutsa n'komwe mutu:
"Sinafe yokha, Atate. Fumbi linaigwira.
Timiyala. Mphepo ya Ogasiti."
Zaka khumi ndi zinayi ndinaima pakati pa mitengo iwiri
ndikuthokoza mizimu ya kwathu ku Katete,
chonsecho wonditchinjiriza anali fumbi.

Watembenuza tsamba.
Za kulemera tsopano, zilembo zokwerana pamsana.
Izi ndiye ndimazidziwa ndi chifuwa, mwanawe.
Mpira wachikopa wa mu Januwale,
utamwa chithaphwi chonse cha pakona,
womenya ankatukwana,
chifukwa mwendo womwewo umene dzana unauponya kupitirira pakati
lero waukankha mpaka pamphuno pake penipeni.
Mwendo sunasinthe. Katundu ndiye wakula.
"Ndi zomwezo," akutero, ngati akundichonga.

Ndiye ndamuonetsa chala,
ichi cha kumanzere, choyandikana ndi kakang'ono,
chimene chimaloza ku Kabulonga
zinzake zikuloza ku Mtendere.
Penate, mphindi yomaliza,
Lakisoni Njobvu wa ku Matero, mwendo ngati chitsulo cha njanji.
Ndinautulutsa. Chala chinangoti thyo.
"Mpira unamenya chala, chala chinamenya mpira.
Mphamvu yofanana, yoloza kosiyana. Zalembedwa apa."
Yofanana?
Nanga bwanji mpirawo anauseweranso Lamulungu
ine ndili pamzere kuchipatala chachikulu, dzanja m'chitenje cha amayi ako?
Waseka mpaka foni yagwa.
"Nkhonya inali yofanana.
Koma mpira ndi mpweya, umabonyeka n'kubwerera.
Inu ndinu fupa."

Malemu a Sakala, amene sankatha kulemba dzina lawo,
ankakuwa ali pa njinga, phazi limodzi pansi:
Usalimbane nawo!
Ulandire ngati dzira la mwini,
manja abwerere kuchifuwa, uupatse nthawi yoima!
Tsiku limenelo nthawi panalibe.
Ndinautchingira chala chouma, chokhachokha.
Akadaliona kope ili akadalavula malovu pambali
n'kufunsa kuti amalipiritsa zingati kuphunzitsa
zimene iwo ankapereka ulere.

Chiyambire pamenepo ndili pampando uwu,
pakhomo pa kantemba, kugulitsa machesi ndi mabanzi.
Miyendo yake inakumba timaenje tinayi m'simenti.
Wailesi ikaulutsa mpira ndimachepetsa mawu.

Tisauke watseka kope.
"Loweruka tili ndi atsikana a ku Chawama.
Esinati wathu amagwira mpira ngati uluma.
Alibe womuonetsa."
Ndikuti mawondo. Ndikuti msana.
Ndikuti kantemba ndisiyira yani, mbava zachuluka.

Sanayankhe.
Ndangomva manja awiri pakati pa mapewa,
aang'ono, ofunda, onunkhira inki,
ndipo mpando wati kwee, watuluka m'maenje ake.
"Mphamvu yakunja," akutero mumdima.
Msana wanga nawonso ukumukankha,
ndikumva mapatapata ake akuterereka pa simenti,
koma wapeza popondera, walimbika,
ndipo woimirira ndine.

Magetsi sanabwere.
Ndagwada pansi pa bedi ndi foni yake pakamwa,
kufuna magolovesi aja.
Limodzi makoswe anadya chikhatho.
Linalo, lamanzere, lili bwinobwino,
chala chake chimodzi chikadali chokhota,
chikundidikira.